Anandisemera chinyau kuti ndinamugwiririra, tsopano ndikuopa kuyamba chibwenzi china

"Ndine mnyamata wa zaka 31, ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Lilongwe. Zaka ziwiri zapitazo ndinathetsa chibwenzi ndi mkazi amene ndinayenda naye pafupifupi chaka. Patangotha sabata, apolisi anabwera kuntchito kudzanditenga, ati iye wakadandaula kuti ndinamugwiririra. Ndinagona m'chitokosi, kuntchito anandiimitsa, abale ena anasiya kundiyankhula. Mwamwayi tsiku limene iye anatchulalo ndinali ku Kasungu pa ntchito, ndipo mapepala a kuofesi ndi mameseji a pafoni ndi amene anandipulumutsa. Mlandu unachotsedwa. Panopa ndadziwana ndi mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu ndipo ndikumukonda, koma tikangotsala awiri mtima umandigunda, thukuta kamukamu. Anzanga akuti ndizijambula mobisa chilichonse chochitika kuchipinda, ena akuti tizisainirana kapepala tisanagonane. Ndingadziteteze bwanji kuti zisadzandionekerenso? Nanga za mlandu wakalewo ndimuuze?"

Achimwene, pepani kwambiri. Kugona m'chitokosi pa mlandu umene simunapalamule si chinthu chapafupi, ndipo amene amakuuzani kuti "zinatha zimenezo, iwalani" sadziwa kuti mlandu umatha kukhothi koma mwa munthu umatsalamo. Mantha amene mukumvawo si misala, si kupepera. Ndawaona mwa amuna ambiri pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza anthu pa milandu yamtunduwu, nthawi zina ndili kumbali ya wodandaula, nthawi zina kumbali ya woimbidwa mlandu.

Ndiyambe ndi zoona zimene mwina simukufuna kumva. Palibe njira yotsekera pakamwa pa munthu amene watsimikiza mtima kunama. Aliyense angathe kulowa pa polisi n'kunena bodza, ndipo apolisi ayenera kufufuza. Koma dziwaninso kuti zimene zinakugwerani sizichitika kawirikawiri monga momwe anthu amakambira pa bawo. Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015-16 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno anachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana, ndipo ambiri a iwo sanafikepo n'komwe pa polisi. Mtsikana amene mwadziwana nayeyu n'kutheka kuti nayenso ali ndi mantha ake akatsala awiri ndi mwamuna. Sindikunena izi kuti ndichepetse ululu wanu. Ndikufuna musamuone ngati mdani amene wabisala, chifukwa chibwenzi chomangidwa pa kukayikirana sichipita patali.

Tsopano malangizo a anzanu aja. Zojambula mobisa musayese dala. Kujambula munthu ali maliseche iye osadziwa ndi kumuphwanyira ufulu wa chinsinsi umene uli m'gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino, ndipo pamenepo mlandu mwaupalamula nokha ndi manja anu, popanda wokunamizirani. Foni imabedwa, imapita kwa okonza, mng'ono wanu amaibwereka. Kanemayo akangofika m'magulu a WhatsApp simungamubwezenso, ndipo lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti limalanga kuzunza munthu kudzera m'njira zoterezi. Ngakhale m'khothi momwemo kanemayo sangakuthandizeni monga mukuganizira. Saonetsa zimene zinachitika kamera isanayatsidwe, saonetsa ngati munthuyo anaopsezedwa panjira, ndipo woimira boma pa mlandu adzangokufunsani funso limodzi: munthu wa zolinga zabwino amatchera kamera kuchipinda chifukwa chiyani?

Kapepala kosainirana nakonso n'kachabe. Munthu amene wavomera 8 koloko ali ndi ufulu wosintha maganizo 9 koloko, ngakhale atavula kale, ngakhale mutayamba kale. Siginecha siyankhula za mphindi imeneyo. Ndipo amene angathe kunama kuti munamugwiririra angathenso kunama kuti munamukakamiza kusaina.

Chimene khothi limayang'ana ndi kuvomera. Gawo 132 la malamulo a milandu ya upandu limati kugwiririra ndi kugonana ndi mkazi iye asanavomere, kapena atavomera chifukwa chokakamizidwa, kuopsezedwa, kuopa kuvulazidwa, kapena kunamizidwa za chimene chikuchitikacho. Gawo 133 limaika chilango chofika kundende moyo wonse, ngakhale imfa imene. Ndiye chitetezo chanu chenicheni chili pa kukhala mwamuna amene sagona ndi munthu pamene pali kachikayiko ngakhale kakang'ono. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene anyamata ambiri amagwera m'mbuna akuganiza kuti ali panjira.

Ambirife tinakula tikuuzidwa kuti mkazi wamakhalidwe savomera msanga, kuti "ayi" wake ndi manyazi chabe, mwamuna weniweni amalimbikira. Chiphunzitso chimenechi chadzaza ndende. Ndinakhalapo ndi mnyamata wina m'kachipinda ka pa polisi, atavula nsapato ndi lamba, akulira ngati mwana, akubwereza mawu amodzimodzi: "Koma anabwera yekha kunyumba kwanga, ya minibasi ndinamutumizira ine pa Airtel Money, nkhuku ndinagula ine." Iye mumtima mwake ankakhulupirira ndithu kuti akumunamizira. Nditamufunsa modekha kuti mtsikanayo ananena chiyani atatseka chitseko, anati, "Anati lero ayi, koma amatero nthawi zonse." Nditamufunsa kuti nanga pamene zinkachitikazo ankatani, anati anangokhala duu, nkhope atalozetsa kukhoma. Achimwene, pamenepo panalibe bodza. Kubwera kunyumba kwanu si kuvomera. Kudya nkhuku yanu si kuvomera. Kuti munagonapo kale maulendo ambiri, kapena kuti munapereka kale chikole kwawo, sikuchotsa "ayi" wa lero. Ndipo anthu ambiri akachita mantha sakuwa, samenya, thupi limangouma.

Inu nkhani yanu ndi ina, ndikudziwa, munali ku Kasungu. Koma ndakufotokozerani za mnyamatayu kuti muone pamene muyenera kuika maso. Funsani ndi pakamwa. Sizifuna mawu a m'buku: "Uli bwino? Tipitirize kapena tisiye?" Ndipo mvetserani yankho ndi makutu ndi maso omwe. Akakhala chete, akayamba kukankha dzanja lanu, akanena kuti "ndikuopa" kapena "ndikufuna ndizipita", siyani pomwepo, mutsegule chitseko, mumuperekeze popanda kunyanyala kapena kumuwerengera zimene mwawononga. Kumunyengerera mpaka atatopa n'kungoti "chabwino, pangani" si kuvomera kumene mungakhale nako ndi mtendere mawa lake. Chitseko musakhome n'kuika kiyi m'thumba, foni yake musamulande ngakhale mwanthabwala. Tinthu timeneti timaoneka tating'ono usiku, koma tikawerengedwa m'khothi masana timalemera.

Mowa ndi mdani wachiwiri. Munthu amene akudzandira, akusanza, kapena akugona tulo pakati pa nkhani sangavomere chilichonse, ndipo mawa akadzuka osakumbukira mmene anafikira pabedi panu, mawu anu okha sadzakwanira. Inunso mukaledzera simungawerenge bwino nkhope ya mnzanu. Lamulo langa kwa anyamata n'losavuta: tsiku loyamba kugonana ndi munthu lisakhale tsiku la mowa. Akaledzera, muitanireni mnzake wamkazi kapena m'bale wake amutenge.

Za msinkhu ndiye musachite nazo masewera. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18, ndipo pa mwana nkhani ya kuvomera palibe. Ngakhale atakulemberani yekha kalata yachikondi, wolakwa ndinu. Thupi limanamiza, zovala zimanamiza, mwiniwakenso angathe kuwonjezera zaka. Dziwaninso kuti chiphaso cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, ndiye kukhala nacho sikutanthauza kuti ndi wamkulu. Chofunika ndi tsiku lobadwa lolembedwapo. Amene akadali ku sekondale mutalikireni, basi. Chimodzimodzi amene ali pansi pa ulamuliro wanu: wantchito wa m'nyumba, wophunzira ntchito kuofesi, amene mukumulipirira fizi kapena lendi. Pamene mmodzi wagwira mpeni ndi nsima yomwe, "inde" wa winayo amakayikitsa nthawi zonse. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaika chilango cha K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende kwa wovutitsa mnzake pa nkhani za kugonana, ngakhale osafika pogona naye.

Nanga mabodza enieniwo amachokera kuti? Pa zimene ndaona, kawirikawiri amamera pamene pali chinsinsi kapena chilonda. Mkazi wa mwini wagwidwa ndi mwamuna wake ndipo akuopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa. Mtsikana watenga mimba, makolo amupanikiza usiku wonse, ndipo kunena kuti "anandikakamiza" kukuoneka kopepuka kuposa kuvomera kuti anali ndi chibwenzi. Mwamuna analonjeza ukwati kwa zaka, kenako wamveka kuti akumanga chinkhoswe ndi wina. Nthawi zina mwiniwake safuna n'komwe, koma achibale aona mpata wopezera ndalama. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimalungamitsa bodza, ndipo sindikunena kuti inu munadziputira. Koma mukayang'anitsitsa muona kuti zambiri mwa izi mwamuna angathe kuzilambalala.

Chibwenzi chanu chikhale chapoyera. Anzake akudziweni, anzanu amudziwe, mlongo wanu amuone, ndipo zikakhwima amalume adziwe. Kumanani pamalo pamene pali anthu miyezi yoyambirira, osati chifukwa mukusaka mboni, koma chifukwa ndi mmene mumadziwira khalidwe la munthu: mmene amayankhulira za amene anasiyana nawo, mmene amakwiyira, ngati amanama pa tinthu tating'ono. Poti nonse ndinu a mpingo umodzi, palibenso chokuthamangitsani. Kudikira mpaka mutadziwana bwino, kapena mpaka ukwati ngati ndi chimene chikhulupiriro chanu chimafuna, ndi chisankho chaulemu ndipo musachite nacho manyazi pamaso pa anzanu. Musalonjeze ukwati umene simukuufuna pofuna kuti zitheke msanga. Ngati muli ndi wina, nenani. Mimba ikabwera musathawe kapena kuzimitsa foni. Ngati mukukayika kuti mimbayo ndi yanu, nenani mwaulemu pamaso pa akuluakulu a mbali zonse ziwiri ndipo nkhani ya kuyeza magazi idzakambidwe mwana akabadwa.

Pothetsa chibwenzi ndi pamene amuna ambiri timalephera. Kungosowa osayankha foni, kumuchititsa manyazi pagulu, kapena kupita kukagona naye "komaliza" mutamuuza kale kuti zatha, zonsezi zimasiya moto. Muuzeni maso ndi maso, masana, pamalo poonekera. Katundu wake ndi ngongole zake mubweze pali munthu wachitatu. Mukatero musabwererenso usiku.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sindifuna muchinyalanyaze. Munthu amene mukangokangana amati "ndikumangitsa, ukudziwa kuti apolisi amamvera mkazi", kapena "ukapanda kunditumizira ndalama ndikanena kuti unandigwiririra", ameneyo wakuuzani kale chimene ali. Musatumize ngakhale K500. Sungani mesejiyo, muuze munthu wamkulu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo kaonaneni ndi loya kapena mukanene ku polisi, chifukwa kufuna ndalama poopseza munthu kuti umunenera mlandu ndi mlandu paokha.

Za foni, mwaona kale nokha kuti mameseji ndi mapepala a kuofesi ndi amene anakutulutsani. Phunziro lake si lakuti muzitchera misampha ayi, koma lakuti musamafufute. Siyani zokambirana zanu za pa WhatsApp zikhale mmene zilili, ndipo muzisunge kuti foni ikatayika zisapite nayo. Mameseji a Mpamba kapena Airtel Money, malisiti a malo ogona alendo, matikiti a basi, zonsezi zimanena kumene munali ndi nthawi yake, ndipo makhothi athu amalandira umboni wa pafoni. Mlandu suwola, makamaka waukulu ngati uwu; ungathe kudzuka patapita zaka pamene mutu wanu waiwala kale. Koma musayambe zotumiza meseji m'mawa uliwonse yoti "dzulo unavomera wekha eti?" Imeneyo imanunkha kukonzekera, ndipo mtsikana wanzeru adzakuthawani, moyenera.

Zitati zachitikanso, Mulungu aletse, maola oyambirira ndi amene amamanga kapena kumasula munthu. Musathawe. Musamuimbire wodandaulayo, musamutumizire meseji yopepesa kapena yoopseza, ndipo muletse amayi anu, alongo anu ndi anzanu kupita kwawo. Amalume ambiri amathamanga ndi mbuzi kapena envulopu kuti "tikambirane pachibale", ndipo mawa lake envulopu yomweyo imasanduka umboni wakuti mukuvomera kulakwa, kapena mlandu wina wosokoneza mboni. Mlandu wogwiririra si wa kwa amfumu, si wa ankhoswe. Ndi wa boma. Pa Facebook musalembe kanthu, dzina lake musatchule. Anthu akayamba kusonkhana mwaukali, pitani nokha ku polisi, chifukwa gulu lolusa silifunsa umboni.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chimene akukumangirani m'chinenero chimene mumamva, ufulu wokhala chete, ufulu woonana ndi loya, ndi ufulu wofikitsidwa kukhothi pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku limene khothi silikugwira ntchito. Limanenanso kuti ndinu wosalakwa mpaka khothi litapeza kuti ndinu wolakwa. Sitetimenti musasaine musanaiwerenge yonse kapena kuwerengeredwa, ndipo ngati muli mawu amene simunanene, kanani mwaulemu. Choopsa kwambiri ndi bodza lanu lomwe. Amuna ambiri osalakwa amati "sindinagonepo naye" chifukwa cha manyazi kapena kuopa akazi awo, kenako zotsatira za kuchipatala kapena meseji imodzi zikaonetsa kuti anagona naye, majisitireti sakhulupiriranso chilichonse chotuluka pakamwa pawo. Bola kukhala chete mpaka loya afike. Ngati mulibe ndalama, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu otero, ndipo m'mapolisi ndi m'ndende zambiri mumafika alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amathandiza kwaulere. Mukangopeza mpata, lembani zonse za tsikulo mwa ndondomeko, ola ndi ola, ndi mayina a amene anakuonani, mupereke kwa loya wanu yekha.

Pa mlandu wakale uja ndili ndi funso: muli ndi pepala? Mwati "unachotsedwa", koma kuchotsedwa kwa mlandu ndi kupezeka wosalakwa pambuyo pa kuzengedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana pa malamulo, ndipo zimasiyananso pa nkhani yakuti mlanduwo ungadzukenso kapena ayi. Pitani kukhothi kumene nkhaniyo inali, mutenge nambala ya mlandu, mupemphe kope la chigamulo kapena lamulo limene linaperekedwa, ndipo loya akufotokozereni tanthauzo lake. Pepalalo mudzalifuna pofunsira ntchito ina, mwinanso pamaso pa apongozi. Loya yemweyo ndi amene angakuuzeni ngati n'koyenera kusumira amene anakunamiziraniyo. Kupereka uthenga wabodza kwa apolisi ndi mlandu, ndipo munthu angathe kusuma kuti alipidwe chifukwa choipitsidwa mbiri, koma milandu yosumirana ili ndi malire a nthawi, imadya ndalama, ndipo imakubwezerani m'chipinda chimodzi ndi munthu amene mukuyesa kumuiwala. Ndaona ena atapepukidwa nazo, ndaona ena atatopa nazo kuposa mlandu woyamba. Ganizani mofatsa, koma funsani msanga.

Mtsikanayo muuzeni. Lilongwe ndi wamkulu pa mapu pokha. Kutchalitchi, kumaliro kapena ku saluni wina adzamunong'oneza, ndipo akadzamva kwa ena adzafunsa kuti munabisiranji. Simuyenera kuyamba nazo tsiku loyamba, koma musadikire mpaka mutagona naye kapena mutatumiza ankhoswe. Sankhani masana, malo odekha koma apoyera, munene mwachidule zimene zinachitika, mumuonetse pepala la kukhothi ngati akufuna. Pofotokoza musatukwane mkazi wakaleyo kapena akazi onse, chifukwa iye adzakhala akumvetsera mkwiyo wanu kuposa nkhani yanu. Akachita mantha, akafuna masiku oti aganize kapena afunse kwa ena, mulekeni. Mkazi aliyense wosamala moyo wake angatero. Mukatero mudzapezanso kuti kukambirana za malire anu awiri, chimene aliyense akufuna ndi chimene sakufuna, kwaphweka, chifukwa nkhani yovuta kwambiri mwaidutsa kale.

Koma kugunda kwa mtima ndi thukuta lija sizidzatha ndi malangizo a zamalamulo. Chimenecho ndi chilonda cha zimene munadutsamo, ndipo chili ndi ochiza ake. Ngati simukugona bwino, mukulota apolisi, mukudzidzimuka galimoto ikaima pageti, mwayamba kumwa kwambiri, kapena mukupsa mtima ndi akazi amene sanakulakwireni, kaonaneni ndi mlangizi wa za maganizo. A St John of God ali ku Lilongwe komweko ndi ku Mzuzu, ndipo m'zipatala za boma za m'maboma mumakhala anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo. Abusa kapena mkulu wa mpingo wosunga chinsinsi angathe kuyenda nanu, koma asalowe m'malo mwa achipatala. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha anakufikiranipo, kaya nthawi ya mlandu ija kaya panopa, musadikire sabata yamawa: uzani m'bale wanu lero lomwe ndipo mupite naye kuchipatala.